NKHUKU YODWALA CITHOKOMIRO NDI KASAMALIDWE KACE

M'midzi ya m'boma la Chongwe, kuyambira ku Kanakantapa kufikira ku Chalimbana ndi ku Palabana, nkhuku ndiyo nkhokwe yaing'ono ya mayi wa pakhomo. Thadzi limodzi loikira bwino lipatsa banja mazira ndi anapiye, ndiponso ndalama ya sopo kapena ya kope la mwana wa sukulu. Tsono thadzi lotere likayamba kuzyolika ndi kukana cakudya, anthu ambiri afulumira kunena kuti ndi citopa, nalipha msanga kapena kulisiya kuti lidzifere lokha. Koma si nkhuku zonse zozyolika ziri ndi citopa ai. Zina zivutika ndi cithokomiro cabe, ndipo zikhoza kucira ngati mwini wace adziwa nthawi yozigwira ndi cimene dzanja lace limuuza.

Nkhuku iribe mano. Cimene itola ciyamba cakhala m'cithokomiro, ndiko kathumba kamene kali m'munsi mwa khosi, capadzanja lamanja la cifuwa. M'menemo cakudya cinyowa ndi kufewa, nicitsikira pang'ono-pang'ono ku nthutumba, kumene timiyala timene nkhuku imeza tipera cakudyaco monga mphero. Madzulo cithokomiro ca nkhuku yamoyo wabwino cikhala codzaza, koma pofika m'mamawa cikhala citaphwa. Cifukwa cace nthawi yoyesa nkhuku ndi m'mamawa, isanaturuke m'khola ndiponso isanatole kanthu. Woigwira masana ataya nthawi, pakuti masana nkhuku iriyonse iri ndi cakudya pakhosi.

CITHOKOMIRO COLIMBA

Ngati m'mamawa cithokomiro cipezeka cotupa ndi colimba ngati nsima yogona, ndiye kuti njira yatsekeka. Nthenda imeneyi ioneka makamaka m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, yoyandikira mwambo wa Chakwela Makumbi pamene Asoli apempha mvula. Pa nthawiyo msipu wauma kapena wapsa ndi moto, ziwala zasowa, ndipo nkhuku yanjala imeza ciriconse: udzu wautali wouma, nthenga, ulusi wa matumba a feteleza, ndi tizidutswa ta pulasitiki timene tacuruka m'mbali mwa mseu wa Great East. Zinthu izi zipotana m'kati nizipanga mpira umene sungathe kupita pa kanjira kakang'ono kotsikira kumimba. Cimanga couma codyedwa mwadyera popanda madzi cicitanso comweco. M'caka ca cirala, monga ca 2024, pamene Boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse, ngoziyi ikula, popeza gaga asowa pakhomo ndipo madzi otunga kutali anthu awaumira.

Nkhuku yotere iyenera kupatulidwa kwa zinzace ndi kuikidwa m'dengu pamthunzi. Isapatsidwe cakudya kwa tsiku limodzi, koma madzi abwino akhale pafupi nayo nthawi zonse. Kuimana madzi ndiko kuipha. Mwini wace atenge theka la kasupuni ka tiyi ka mafuta ophikira, nadontheze pang'ono-pang'ono pambali pa mlomo, akumadikira kuti nkhuku imeze yokha. Apa pafunika kufatsa ndithu. Kumbuyo kwa lilime la nkhuku kuli cibowo ca mpweya, ndipo mafuta othiridwa mothamanga alowa m'menemo nafika kumapapo. Nkhuku imene ikadacira ikhoza kufera m'manja mwa woithandizayo.

Mafuta akalowa, mwini aikhazike nkhuku ciriri pamiyendo pace, nasisite cithokomiro ndi zala mofatsa, monga mayi afewetsa dongo la mbiya, kwa mphindi zowerengeka. Acite cotero katatu kapena kanai pa tsiku, ndipo mafuta abwereze m'mawa ndi madzulo. Cizindikilo cabwino ndi zitosi. Zikayamba kucuruka m'dengu, ndiye kuti njira iri kutseguka. Pamenepo nkhuku ipatsidwe phala lozizira la ufa woyera kapena dzira lophika lophwanyidwa, pang'ono pokha, kangapo pa tsiku. Cimanga cosakonola ciyambe cadikira masiku atatu kapena anai.

Alipo akulu ena odziwa kung'amba cithokomiro ndi lezala, kucotsa udzu ndi kusokanso. Nkhuku zina zipulumuka nazo ndithu, koma zina zifa ndi cironda. Nchito imeneyi ndi ya dotolo wa ziweto.

CITHOKOMIRO COFEWA NDI CONUNKHA

Nthawi zina dzanja lipeza cithokomiro cacikuru koma cofewa, conga thumba la madzi, ndipo pakamwa pa nkhuku paturuka fungo losasa ngati masese a mowa. Cakudya cakhalitsa m'katimo ndipo cayamba kuwira. Cocititsa cace kawiri-kawiri ndi kacirombo ka mtundu wa yisiti kochedwa Candida, kamene kamera m'cithokomiro cakudya cikaleka kuyenda, kapena nkhuku ikafooka ndi nthenda yina.

Pali zolakwa ziwiri zimene zicitika pa makomo ambiri. Coyamba ndico kuzondotsa nkhuku, mutu pansi, ndi kufinya kuti madziwo aturuke. Nkhuku siidziwa kusanza monga munthu, ndipo madziwo abwerera m'njira ya mpweya niitsamwa. Caciwiri ndico kutsegula makapisozi a anthu ndi kuthira m'madzi akumwa. Makapisoziwo sapha yisiti. Apha tizirombo tabwino timene tiipinga, ndipo yisiti itsala yokha m'munda monga kaufiti. Nkhuku zina zidwala nthendayi cifukwa ca mankhwala omwewo operekedwa masiku ambiri popanda uphungu.

Coyenera ndico kuipatula, kuimana cakudya kwa maola 12 kufikira 24, kuipatsa madzi oyera, ndi kukaonana ndi mlangizi wa ziweto wa m'deralo kapena a Dipatimenti ya Ziweto pa boma la Chongwe. Mankhwala olimbana ndi yisiti imeneyi ndi nystatin, ndipo muyeso wace auchule ndi iwowo. Comwera ca nkhuku citsukidwe tsiku ndi tsiku.

Mwini ayang'anenso cimene adyetsa. Cizolowezi cosankhira nkhuku cimanga coola ca pansi pa nkhokwe ndi gaga wacuku ncoipa. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agaru okwana ngati 400 anafa atadya zakudya za cimanga cokhala ndi ciphe ca cuku cochedwa aflatoxin. Ciphe comweco ciononga ciwindi ca nkhuku, cicepetsa mazira, ndipo cifooketsa thupi kuti nthenda zina zilowe mosavuta.

ZITOSI NDI NTHENDA ZINA

Ngati cithokomiro cibwereza-bwereza kuvuta, ndipo nkhuku iri kuonda mpaka fupa la pacifuwa lithwa ngati mpeni, mwini aganizire njoka za m'mimba. Zina nzazikuru zooneka m'zitosi, zina nzazing'ono ngati tsitsi ndipo zikhala m'khungu la cithokomiro momwemo. Piperazine apha zazikuruzo zokha. Zazing'onozo zifuna mankhwala ena, monga levamisole kapena fenbendazole, ndipo mwini afunse masiku oyenera kudikira asanadye mazira kapena nyama. Zitosi zamagazi mwa anapiye ndi misoti zisonyeza nthenda ya m'matumbo yochedwa coccidiosis, imene amprolium athandiza.

Citopa cidziwika ndi kugwira nkhuku zambiri nthawi imodzi: zitosi zobiriwira, kupuma mobanika, khosi lopotoka, ndi kufa motsatizana. Cimeneci ciribe mankhwala, ndipo ciyenera kunenedwa msanga kwa a ziweto. Cocinjiriza cace ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza dontho limodzi m'diso pa miyezi inai iriyonse, nkhuku zikali zamoyo wabwino.

Nkhuku ya cithokomiro ikatha masiku awiri kapena atatu popanda kusintha, mwini asaisungenso m'dengu mwacabe. Apite nayo kwa dotolo wa ziweto, kapena aiphe isanazunzike. Imene inangotsekeka ndi udzu, yosanunkha ndi yosamwa mankhwala, ikhoza kudyedwa itaphikidwa bwino. Yofa yokha ikwiriridwe m'dzenje lakuya limene agaru sangafukule.