Kodi Agogo Anu Anali a Keyala? Umu ndi Momwe Mungafufuzire Mbiri Yawo

M'mabanja ambiri a kwathu muli nkhani ya gogo wina amene anapita ku nkhondo ya azungu. Ena anabwerako ndi mendulo, jasi ndi Chiswahili cha pakamwa. Ena sanabwereko, ndipo mpaka lero abale sadziwa komwe anaikidwa. Ife amene tili kunja kuno tili ndi mwayi woti intaneti tili nayo pafupi, ndipo ena mwa ife tikukhala kufupi ndi nyumba zosungiramo mabuku akale a boma. M'phunziro lino tiona momwe munthu wamba angayambire kufufuza popanda kuwononga ndalama zambiri komanso popanda kuberedwa.

Keyala anali ndani?

Mawu oti Keyala anachokera ku zilembo zitatu, KAR, zomwe zikuimira King's African Rifles. Gulu la nkhondoli linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Lisanabadwe gululi, asilikali a kwathu anali atamenyapo kale nkhondo ku Ashanti, m'dziko lomwe lero ndi Ghana, mu 1900.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya, mfuti zinalira ku Karonga mu September 1914, kenaka nkhondo inapitirira m'dziko la Tanganyika ndi Mozambique pothamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anali asilikali, pomwe ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri mokakamizidwa. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kutengera anthu akuda ku nkhondoyi asanaukire boma mu January 1915.

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 a Keyala anamenya ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar ndi Burma. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a kwathu analimbana ndi a Italy mu 1940. M'zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwanso ku Malaya.

Dziwaninso kuti si onse analembedwa ku Zomba. Amuna ambiri a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia analowa Rhodesia Native Regiment kuyambira mu 1916, ndipo pambuyo pake kunabwera Rhodesian African Rifles mu 1940. A ku Chipata ndi madera ozungulira ambiri analowa Northern Rhodesia Regiment. Choncho funso loyamba n'lakuti: agogowo anali kuti pomwe ankalembedwa usilikali?

Yambani kumudzi, osati pa kompyuta

Safunsa anadya phula. Musanalembe kalata ku ofesi iliyonse, imbirani foni azakhali, amalume kapena gogo wamkulu yemwe watsala m'banja mwanu. Chitani izi mwezi uno, chifukwa chaka chilichonse tikutaya anthu odziwa mbirizi. Apempheni kuti mujambule mawu awo pa foni, ndipo afunseni mafunso awa: Anapita chaka chanji, kapena nthawi ya mfumu iti? Anapita ndi yani wa m'mudzimo? Anakwera sitima ya pamadzi? Ankatchula maiko ati akamacheza? Anali ndi udindo wanji, kopolo kapena sajeni? Anabwerako ali ndi bala?

Yankho laling'ono limatsegula njira. Ngati agogo ankakamba za nkhalango, mvula yosatha ndi asilikali a Japan, ndiye kuti anali ku Burma cha m'ma 1944. Ngati ankakamba za Mataliyana, yang'anani ku Abyssinia.

Kenaka pemphani wachibale atsegule sutikesi yakale ija. Mukufuna kabuku kotulutsira usilikali, chithunzi, kalata kapena mendulo. Azijambule mbali zonse n'kukutumizirani pa WhatsApp. Zenizenizo zikhale kumudzi konko, zisayende pa basi.

Nambala iposa dzina

Chinthu chofunika koposa ndi nambala ya usilikali. Mamendulo a nkhondo yoyamba analembedwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake, ena m'mbali mwake, ena kumbuyo. Pukutani ndi kansalu kofewa n'kuwerenga pa dzuwa. Mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri, monga Africa Star ndi Burma Star, ankaperekedwa opanda dzina, komabe amakuuzani dera lomwe agogo anamenyako. Nambala za asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiriyi kawirikawiri zimayamba ndi zilembo DN.

Dzina lokha limasocheretsa. Ambiri ankalembetsa dzina limodzi basi, ngati Juma kapena Saidi, ndipo a Juma m'bataliyoni imodzi ankakhala ochuluka. Ena ankapereka dzina la bambo awo kapena la kuntchito. Alembi achizungu nawo ankalemba momwe khutu lawo lamvera, kusinthanitsa l ndi r, kusiya h. Lembani maina onse omwe agogo ankadziwika nawo, la ubwana, la ku mpingo kapena ku mzikiti, ndi mfunda wawo, ndipo yesani kalembedwe kosiyanasiyana.

Maina a maboma nawonso anasintha. Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, Chipata inali Fort Jameson. Nkhotakota ankalemba Kota Kota, Mulanje ankalemba Mlanje, Thyolo ankalemba Cholo. Dzina la mfumu ya nthawi imeneyo lisungeni bwino, poti msilikali ankalembedwa pamodzi ndi mtundu wake, mudzi ndi mfumu yake.

Kokafufuza

Ngati agogo anafera ku nkhondo, yambani ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Mndandanda wawo wa anthu omwalira pa nkhondo ziwirizi uli pa intaneti ndipo kufufuza n'kwaulere. Dzina likapezeka, mudzaona tsiku lomwalira ndi manda kapena chipilala chomwe palembedwa, kaya ndi ku Zomba, ku Nairobi kapena ku Taukkyan m'dziko la Myanmar, lomwe kale linali Burma.

Dzina likasowa musaganize kuti akuluakulu anakunamizani. Mu 2021 bungweli linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo ambiri mwa iwo anali a mu Africa. Amtengatenga ndiwo anaiwalidwa kwambiri. Bungweli linayamba ntchito yosaka maina otayikawa, choncho zomwe banja lanu likudziwa n'zoyenera kuwalembera.

Amene muli ku Britain, pitani ku The National Archives ku Kew, mu London. Kulowa n'kwaulere, koma kuti mugwire mapepala enieni mufunika khadi la owerenga, lomwe amapereka mukaonetsa ziphaso zanu. Mafailo amaikidwa m'magulu a zilembo ndi nambala. WO 372 ndi makhadi a mamendulo a nkhondo yoyamba, WO 329 ndi mabuku a mamendulowo. WO 95 ndi mabuku omwe bataliyoni iliyonse inkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pa nkhondo yoyamba. Pa nkhondo yachiwiri onani WO 169 pa za kum'mawa kwa Africa ndi WO 172 pa za ku Burma. Mabuku a tsiku ndi tsikuwa satchula msilikali wamba kawirikawiri, koma amakuuzani komwe gulu lake linagona, mtsinje womwe linawoloka ndi tsiku lomwe linakumana ndi adani. Amene analandira mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo yachiwiri angapezeke mu WO 373.

Mafailo a msilikali aliyense payekha kwenikweni sanapite ku London. Anatsala m'maiko momwe asilikaliwo analembedwa, ndipo ambiri anatayika. Omwe alipo afunseni ku National Archives of Malawi ku Zomba, ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, kapena ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Mukapita kutchuthi, patulani tsiku limodzi la ku Zomba, mukaonenso chipilala cha Keyala chomwe chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ilinso ndi mabuku a mbiriyi. Buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War linalembedwa kuchokera pa zomwe anafotokoza okha anthu a m'Malawi amene anaiona nkhondoyo.

Chenjerani ndi akathyali

Nkhani ya asilikali akale imakoka anthu achinyengo. Wina akakuuzani kuti boma la Britain likugawa chipukuta misozi kwa zidzukulu za a Keyala, inu mungolipira ya mafomu, gwirani thumba lanu. N'zoona kuti panali tsankho: nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashereni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, pomwe wachikuda ankalandira atatu ndi theka. Koma kupweteka kwa nkhaniyi sikukutanthauza kuti pali ndalama zikukudikirani.

Usilikali wa agogo sukupatsaninso chilolezo chokhala ku Britain. Viza ya UK Ancestry imafuna kuti mmodzi mwa agogo anu akhale wobadwira komweko, osati wongomenyera nkhondo mfumu ya ku England. Thandizo lomwe lilipo, lodzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League, n'la asilikali akalewo eni ake ndi akazi awo amasiye amene ali pa umphawi. Ngati kwanu kuli gogo wotere, mlumikizeni ndi bungwe la asilikali opuma la m'dziko lomwe akukhala.

Zoti muchite

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayankho a maofesiwa amatenga miyezi. Gulani kope limodzi, mulembemo chilichonse chomwe mwamva, yemwe wakuuzani ndi tsiku lake, ndipo siyanitsani zomwe mwaona papepala ndi zomwe mwangomva. Zimene mwapeza gawirani abale, makamaka ana obadwira kunja kuno, m'chilankhulo chomwe amamva. Mukadzakumana pa gulu lanu mwezi wamawa, aliyense adzabwere ndi zinthu zitatu: maina onse a gogo wake, dzina la mudzi ndi mfumu, ndi dziko limodzi lomwe gogoyo ankalitchula. Amene agogo awo anali bataliyoni imodzi angathe kufufuzira limodzi n'kugawana ndalama zoyendera.