Phunziro 17: Msonkhano wa pa Lamya ndi Loko wa Mau Athu

TIWERENGE

Amayi ndi abambo, lero tiphunzira za msonkhano umene anthu amachita asanakhale pa mphasa imodzi. Wina ali ku Ulongwe, wina ali ku Tete, wina ali pa ntchito ku Johannesburg. Onsewa akumvana nthawi imodzi. Amene safuna kulankhula amalemba, anzake nawerenga. Msonkhano wotere umayenda pa intaneti. Intaneti ndiyo makompyuta ambirimbiri a pa dziko lonse olumikizana pamodzi. Foni yamakono imene timasunga m'thumba nayonso ndi kompyuta yaing'ono.

Pa bwalo la mfumu timaona ndi maso athu amene wakhala pansi ndi amene waima kuseri kwa mtengo. Pa foni sitiona. Tsono tiyenera kufunsa kuti: ndani winanso akumva? Funso ili nlofunika, pakuti pa foni timakambirana mtengo wa chimanga ndi wa mbatata, ndalama za gulu lathu, matenda a m'banja ndiponso malire a munda.

MAU AMAYENDA BWANJI?

Lamya inayamba kudziwika m'chaka cha 1876, pamene Alexander Graham Bell analandira chikalata cha umwini wake ku America. Pa lamya yakale, anthu awiri ankapatsidwa njira yaoyao ya waya kufikira atatsiriza kulankhula. Panali wantchito amene ankalumikiza mawayawo ndi manja. Iyeyu akafuna, ankatha kumvetsera.

Pa intaneti mau sayenda chomwecho. Foni imasandutsa mau athu manambala. Kenaka imawadula tizidutswa nkuwamanga timaphukusi. Kawirikawiri imatumiza timaphukusi 50 pa sekondi imodzi. Kaphukusi kalikonse kali ndi keyala ya kumene kakupita. Kalinso ndi nambala yake pa mzere.

Tiyerekeze ndi chimanga. Mlimi ali ndi matumba ambiri opita ku tauni. Alemba nambala pa thumba lililonse. Ena akwera galimoto iyi, ena akwera iyo. Akafika, wolandira awaika mu mzere monga mwa manambala. Timaphukusi ta mau timateronso. Kena kakachedwa kapena kusokera, ndi pamene timamva mau a mnzathu akudukaduka.

Makompyuta oyamba kutumizirana timaphukusi kutali motere analumikizidwa ku America mu 1969. Ntchitoyo inkatchedwa ARPANET. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anayesa kutumizapo mau a pakamwa. Mu 1995 kampani ya ku Israel yotchedwa VocalTec inayamba kugulitsa pulogalamu yoimbirana pa intaneti. Mu 2003 kunabwera Skype, imene anthu ambiri ankaimbira abale ao akutali kufikira inatsekedwa mu 2025. Kwathu kuno, nthambo ya pansi pa nyanja yotchedwa SEACOM inafika ku Maputo mu 2009.

Tsono onani ulendo wa mau athu. Achoka m'foni, afika pa nsanja ya netiweki. Achoka pa nsanja, alowa m'nthambo. Adutsa m'makompyuta a makampani osiyanasiyana, mwina a m'maiko ena. Manja onyamula ndi ambiri, ndipo ife sitiwadziwa. Nchifukwa chake phukusi limafuna loko.

LOKO NDI KIYI

Loko wa mau si wachitsulo ai. Ndi masamu. Foni imasokoneza manambala a mau athu dala, kuti wowagwira pa njira asamvepo kanthu. Amene ali ndi kiyi yekha ndiye angawabwezere m'malo mwake. Kiyi nayenso ndi nambala, koma yaitali kwambiri, yosatheka kuilota.

Kale loko wotere anali wa akuluakulu okha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ajeremani ankamvetsera zina zimene atsogoleri a America ndi Britain ankakambirana pa lamya. Mu 1943 anayamba kugwiritsa ntchito makina obisa mau otchedwa SIGSALY pakati pa Washington ndi London. Makina a mbali imodzi ankalemera matani oposa 50. Kiyi wake anali mbale ziwiri za galamafoni zofanana ndendende, ina uku ina uko. Mbale ikagwira ntchito kamodzi ankaiononga.

Vuto linali kutumiza kiyi. Wonyamula kiyi akagwidwa pa njira, chinsinsi chatha. Mu 1976 akatswiri awiri a ku America, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, anaonetsa njira yatsopano. Tiifotokoze motere. Mwana wanu ali kutali akutumizirani loko wosatseka, koma kiyi asunga yekha. Inu muika kalata m'bokosi nkukhoma ndi loko uja. Bokosi lidutsa m'manja mwa anthu khumi, koma palibe angalitsegule. Kiyi sanachoke m'thumba la mwana wanu. Lero ntchito imene inkafuna matani 50 a makina ikuchitika m'kafoni kokwana m'dzanja.

MALOKO ALIPO AWIRI

Loko woyamba amateteza mau pa njira pokha. Phukusi likafika ku nyumba ya kampani limatsegulidwa, kenaka nkutumizidwa kwa mwini wake. Kampani ili ndi kiyi. Kuimba kwa masiku onse ndi mauthenga a SMS sizibisika kwa kampani ya mafoni.

Loko wachiwiri amatsekedwa m'foni ya wolankhula, nakatsegulidwa m'foni ya womvera basi. Kampani imanyamula phukusi, koma kiyi ilibe. Pulogalamu ya Signal imagwiritsa ntchito loko wotere. WhatsApp inatsiriza kumuika pa mauthenga ndi pa kuimba konse mu 2016. Pa WhatsApp anthu okwana 32 angathe kulankhulana pakamwa nthawi imodzi, loko ali wotseka.

Loko wachiwiriyu ndi wolimba. Koma tisanyengeke. Pali zinthu zimene iye sangatichitire.

Choyamba, loko amabisa mau, koma sabisa ulendo. Kampani ingathe kudziwa kuti nambala yakuti inalankhula ndi nambala yakuti, tsiku lakuti.

Chachiwiri, loko saletsa munthu amene walowera pa khomo. Mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, masukulu ndi maofesi ambiri ankachita misonkhano pa pulogalamu ya Zoom. Anthu osaitanidwa anapeza manambala a misonkhano ina nalowa, nayamba kutukwana ndi kusokoneza. Pambuyo pake eni ake anakhwimitsa malamulo. Anaika mau achinsinsi olowera ndiponso malo odikirira, kumene mlendo amaima kufikira mwini msonkhano atamulola.

Chachitatu, loko samanga pakamwa pa munthu amene ali mu msonkhano. Iyeyo angathe kujambula mau kapena kutumiza zolembedwa kwa ena.

ZIMENE TINAONA M'KALASI MWATHU

Mayi wina wa m'kalasi mwathu ndi msungichuma wa gulu la alimi. Tsiku lina m'foni mwao munalowa uthenga wokhala ndi manambala 6. Posapita nthawi munalowa uthenga wina, wooneka ngati wochokera kwa mlamu wao. Unati manambalawo abwera molakwika, awatumize msanga. Mayiwo anali asanazolowere kuwerenga. Anakopera manambala aja natumiza.

Sanali mlamu wao. Inali mbala imene inali itaba kale dzina la mlamuyo pa foni. Ndi manambala 6 aja, mbalayo inalowa m'malo mwa mayiwo. Inalembera a m'gulu kuti feteleza wapezeka wotchipa, atumize ndalama lero lomwe. Bambo mmodzi anatumiza. Ndalamazo sizinabwerere.

Titakhala pansi m'kalasi tinauwerenga pamodzi uthenga woyamba uja, liu ndi liu. M'munsi mwa manambala munali chenjezo lakuti manambalawo asapatsidwe kwa munthu wina. Chenjezo linalipo, koma linasowa woliwerenga. Loko sanathyoledwe. Kiyi anachita kuperekedwa. Mayiwo sitinawaseke, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero iwo ndiwo amayamba kufika m'kalasi, ndipo uthenga uliwonse amauwerenga kawiri asanayankhe.

MALANGIZO ASANU NDI LIMODZI

1. Manambala 6 olowera amene abwera m'foni mwanu ndi kiyi wa nyumba yanu. Musapatse munthu, ngakhale akhale mbale.

2. Ikani nambala yachinsinsi yotsekera foni. Isakhale chaka chimene munabadwa.

3. Msonkhano usanayambe, wapampando aitane maina. Aliyense ayankhe ndi mau ake. Nambala yachilendo ikaoneka, funsani mwini wake. Safunsa anadya phula.

4. Munthu akachoka m'gulu la alimi, achotsedwenso m'gulu la pa foni.

5. Uthenga wopempha ndalama ukafika, musatumize msanga. Muimbireni munthuyo. Mufunseni chinthu chimene mumadziwa awirinu. Masiku ano alipo makina otha kutsanzira mau a munthu, choncho mau okha sakwanira.

6. Musalankhule za ndalama mokweza pa msika kapena m'basi. Amene wakhala pambali panu safuna kiyi.

Amayi ndi abambo, akatswiri anatipangira loko wolimba. Koma mlonda wa pakhomo ndife. Mlonda wodziwa kuwerenga amaona dzina la wolowa, amaona nambala yachilendo, amaona chenjezo. Tiyeni tilimbikire kuwerenga.

MAU ATSOPANO

intaneti: makompyuta a pa dziko lonse olumikizana

kaphukusi: kachidutswa ka mau kotumizidwa pa intaneti

keyala: malo kumene kalata kapena phukusi likupita

pulogalamu: chida cha m'foni chogwira ntchito ina yake

TIYANKHE

1. Kodi foni imachita chiyani ndi mau athu isanawatumize?

2. Nchifukwa chiyani mau a mnzathu amadukaduka nthawi zina?

3. Maloko awiri aja amasiyana bwanji?

4. Mbala inalowa bwanji m'malo mwa msungichuma?

5. M'gulu lanu, ndani ali ndi udindo wolowetsa ndi kuchotsa anthu pa foni?

TILEMBE

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu:

Kiyi wanga ndi wanga ndekha.

Ndiwerenga ndisanayankhe.

Tiitane maina tisanayambe msonkhano.

Pezani mau ena atatu oyamba ndi lo, monga loko. Pezaninso atatu oyamba ndi phu, monga phukusi.

TIWERENGETSE

1. Foni itumiza timaphukusi 50 pa sekondi imodzi. Mphindi imodzi ili ndi masekondi 60. Itumiza timaphukusi tingati pa mphindi imodzi?

2. Gulu lili ndi alimi 24. Pa msonkhano wa pa foni paoneka manambala 25. Wapampando achite chiyani?

3. Kuchokera 1943 kufika 2016 panapita zaka zingati?

Mukafika kunyumba, khalani pansi ndi ana anu kapena adzukulu anu. Tsegulani gulu limodzi la m'foni mwanu. Werengani maina onse mokweza, limodzi ndi limodzi. Mawa mudzatiuze ngati mwapezamo munthu amene simukumudziwa.