Malangizo Osamalira Makatiriji a Magemu Akale ndi Zipangizo Zake

Katiriji ya gemu ikakana kuyaka, nthawi zambiri imakhala kuti yangoda, siinafe ayi. M'kati mwa kabokosi ka pulasitiki kaja muli kabolodi kobiriwira ndi tchipi, zinthu zomwe sizifa wamba. Chimene chimavuta ndi timano tachitsulo takunsi tomwe timakhudzana ndi makina. Famicom ya Nintendo idatuluka ku Japan mu 1983, NES ku America mu 1985, Mega Drive ya Sega mu 1988, ndipo Game Boy mu 1989. Timano timeneti takhala tikumwa fumbi, thukuta la m'manja ndi chinyontho kwa zaka zoposa 30. Lamulo lalikulu ndi ili: yambani ndi njira yofatsa, ndipo mupite ku yamphamvu pokhapokha yofatsayo yalephera.

1. Lekani kuuzira katiriji ndi pakamwa. Tonse tidakula tikudziwa kuti gemu ikavuta umaizula, nkuiuzira kawiri katatu, nkuibwezera. Imayakadi, koma osati chifukwa cha mpweyawo. Chomwe chimathandiza ndi kuzula ndi kubwezerako, poti timano timakhudzana bwino ulendo wachiwiri. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho komanso timalovu, ndipo zimenezi zimadya chitsulo pang'onopang'ono. A Nintendo eni ake adachita kulemba kumbuyo kwa makatiriji ena kuletsa khalidweli.

2. Sonkhanitsani zida. Mufunika sipiriti wa mtundu wa isopropyl wamphamvu ya 90 peresenti kapena kuposa, timitengo ta thonje totsukira m'makutu, labala woyera wofufutira pensulo, mswachi wakale wofewa ndi kansalu kosasiya ubweya. Isopropyl mukhoza kumufunsa ku mafamase kapena kwa okonza mafoni, omwe amatsukira mabolodi. Sipiriti wapepo woyatsira moto uja ali ndi utoto womwe umatsalira pa chitsulo, choncho musamugwiritse ntchito pamene pali wina.

3. Tsukani timano musanatsegule chilichonse. Nyowetsani thonje pang'ono, lisachite kudontha. Lowetsani kunsi kwa katiriji ndipo mupukute mzere wonse wa timano, uku ndi uku, mbali zonse ziwiri za bolodi. Thonje loyamba limatuluka lakuda bii. Tayani, tengani lina. Pitirizani mpaka thonje lituluke loyera. Kwa katiriji yomwe yakhalitsa m'katoni mukhoza kutha timitengo tisanu kapena kuposa. Pukutani ndi thonje louma, dikirani mphindi zingapo kuti sipiriti auluke, kenako yesani. Makatiriji ambiri amadzuka pomwepa, ndipo ngati yanu yadzuka musapitirire ku mfundo yotsatirayi.

4. Ikakanabe, itseguleni, koma ndi chida choyenera. Makampaniwa adaika masikuluwu achilendo dala. Makatiriji a Super Nintendo, Nintendo 64, Game Boy ndi ambiri a NES amafuna sikuludiraiva yotchedwa gamebit ya 3.8 mm, a Mega Drive amafuna ya 4.5 mm, pomwe a Game Boy Advance amafuna ya nsonga zitatu yotchedwa tri-wing. Musakakamize ndi mpeni kapena pulayala. Mukatulutsa bolodi, igwireni m'mbali, ndipo muyambe mwajambula ndi foni mmene inakhalira kuti musadzaibwezere chozondoka. Fufutani timano ndi labala woyera mofatsa mpaka tiwale, chotsani nyenyeswa zonse, nkumaliza ndi sipiriti.

Makatiriji achikasu a Famicom yongokopera aja, olonjeza magemu masauzande pamene akungobwereza ochepa omwewo, ndi nkhani ina. Ambiri alibe masikuluwu, amangogwirana ndi timano ta pulasitiki tomwe timathyoka msanga, ndipo tchipi chake chimakhala pansi pa kadontho kakuda kouma. Kadontho kameneka musakakande. Kakasweka palibe mmisiri angakonze.

5. Sandipepala, waya wokwechera mapoto ndi mankhwala owalitsira mkuwa zisayandikire. Golide wa pa timano ndi wopyapyala kwambiri. Mukamupala, gemu iyaka lero, koma chitsulo chapansi chimakhala poyera ndipo dzimbiri limabwera msanga kuposa kale.

6. Tsukaninso kabowo ka makina. Katiriji yoyera ikalowa m'kabowo kakuda imadanso tsiku lomwelo. Zimitsani makina, zulani ku magetsi. Kulungani kakhadi kakale ka pulasitiki ndi kansalu kopyapyala, nyowetsani ndi sipiriti, lowetsani ndi kutulutsa molunjika kangapo. Musakweche cham'mbali chifukwa nsalu ikhoza kukola timano nkutipinda.

NES yolowetsera katiriji kutsogolo ili ndi vuto lakelake. Kabowo kake kali ndi timano 72, pomwe ka Famicom kali ndi 60, ndipo popeza katiriji umailowetsa nkuikanikiza pansi, timanoto timafooka ndi nthawi. Chizindikiro chake ndi kanyali kofiira kothwanimathwanima: tchipi chachitetezo chotchedwa 10NES chikalephera kumvana ndi chinzake cha m'katiriji, chimangoyambitsanso makina mobwerezabwereza. Game Genie, kachipangizo kobera magemu komwe kankalowa pakati pa katiriji ndi makina, kali ndi bolodi yokhuthala yomwe imakankha timanoti kwambiri, moti makina ena amafika pokana kuyaka popanda iko. Ngati muli nako, musamakazule ndi kukabwezera pafupipafupi. Zipangizo zina zolowetsamo katiriji, monga Super Game Boy ya 1994 ndi katiriji ya Sonic & Knuckles yomwe imalandira inzake pamwamba, zili ndi malo awiri ofunika kutsuka: timano takunsi ndi kabowo kapamwamba.

7. Onani batire la m'kati. Magemu omwe amasunga pomwe mwalekezera, monga The Legend of Zelda ya NES ya 1987, amadalira kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo. A NES, Super Nintendo ndi Mega Drive nthawi zambiri amakhala ndi CR2032, a Game Boy CR1616 kapena CR2025. Pokémon Gold ndi Silver amatha batire msanga chifukwa wotchi yam'kati imayendabe ngakhale katiriji ili m'kabati. Batireli ndi lowotcherera ku bolodi, ndiye gulani lokhala kale ndi timiyendo take ndipo mupite nalo kwa wokonza mawailesi ngati simudziwa kuwotcherera. Kulimata ndi selotepi ndi kudzinamiza, limasuntha. Dziwiranitu kuti batire lakale likangochoka, zonse zomwe mudasunga zimafufutika.

8. Chotsani mabatire m'zipangizo zomwe simukugwiritsa ntchito. Rumble Pak ya Nintendo 64 imadya mabatire awiri a AAA, Game Boy yoyambirira anayi a AA. Akakhalitsa amatulutsa ufa woyera womwe umadya masipuling'i. Mukaupeza, upukuteni ndi thonje la viniga pang'ono. Mudzaona tithovu, ndiye kuti ukusungunuka. Tsatizani ndi sipiriti, umitsani, ndipo musambe m'manja chifukwa ufawu umayabwa pakhungu ndipo ndi woopsa m'maso.

9. Sipiriti asafike pa pepala la chithunzi. Amasungunula inki, ndipo katiriji yopanda chithunzi chake imatsika mtengo. Pulasitiki ipukuteni ndi nsalu yonyowa pang'ono ya sopo, m'ming'alu mudutsemo ndi mswachi. Za kuyeretsa pulasitiki yomwe yasanduka yachikasu pogwiritsa ntchito hydrogen peroxide ndi dzuwa, ine sindilimbikitsa. Chikasucho chimakonda kubwereranso, ndipo nthawi zina pulasitiki imatuluka yamawangamawanga. Gemu ya zaka 35 ili ndi ufulu wooneka msinkhu wake.

10. Werengani adaputa musanalumikize. Magetsi athu ku Malawi ndi 230 V, a ku Japan ndi 100 V, a ku America 120 V. Makina obwera ndi katundu wakale kuchokera kumaiko awiriwa amapsa adaputa mukangoilowetsa pakhoma. Palinso msampha wina: adaputa ya NES ya ku America imatulutsa magetsi a AC pomwe Famicom imafuna DC, chikhalirecho pulagi yake imalowa bwinobwino. Kulowa kwa pulagi si umboni woti ndi yoyenera.

11. Sungani pouma ndi pamthunzi. Ikani makatiriji choimirira m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Bokosilo likhale pamwamba, osati pa simenti, makamaka m'miyezi ya mvula. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'makina ndipo ndowe zake zimawononga bolodi, choncho vindikirani makina mukamaliza kusewera. Zingwe za mapadi muzizipinda momasuka. Kuzikulunga mothinitsa pa padi kumadula mawaya am'kati pomwe chingwe chimatulukira.

Musanataye kapena kugulitsa motchipa katiriji yomwe mukuiyesa yakufa, iyeseni m'makina a mnzanu mutaitsuka. Ikayaka kumeneko, bwererani ku mfundo 6, vuto lili m'makina anu.