Phunziro: Kudziwa Vuto la Beringi Pomvetsera Kunjenjemera Kwake

Ana inu, tsegulani makope. Ena mwa inu mudaonapo mmisiri wa chigayo kuno ku Chifunga atagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pamene pakhala beringi, chogwirira chili kukhutu. Khutu limamuuza kuti m'katimo mwavuta, koma silimuuza kuti chavuta nchiyani. Apo mpamene masamu amalowera. (Inu musakayesere zimenezi pafupi ndi lamba, amadula zala.)

Beringi ili ndi mphete yakunja yomwe imangokhala, mphete yamkati yomwe imazungulira ndi shafti, timipira tachitsulo pakati pake, ndi kakhola kogwira timipirato kuti tisagundane. Fumbi likalowa kapena girisi akauma, pamphete pamakumbika kadzenje. Kampira kalikonse kakapondapo kamagogoda, monga limachitira tayala la minibasi pa dzenje la pamsewu wa ku Mwanza. Tikawerenga kuti kugogodako kukuchitika kangati pa sekondi, tadziwa pomwe pali kadzenjeko.

Tiyeni pabolodi. Tinene kuti shafti ikuzungulira ka 1,500 pa mphindi, ndiye kuti ka 25 pa sekondi, ndipo timipira tilipo 9, ngati mu beringi ya 6205. Kakhola kamatsalira m'mbuyo, kamazungulira pafupifupi ka 10 basi. Kadzenje kakakhala pamphete yakunja, timipira tonse 9 timapondapo ka 10: kugogoda 90 pa sekondi. Nanga kakakhala pamphete yamkati? Mpheteyi imathamanga ka 25, timipira ka 10, kusiyana kwake ndi 15. Chulukitsani ndi 9, mupeza 135. Kugogoda kwa mphete yamkati kumakweranso ndi kutsika, chifukwa kadzenje kamalowa ndi kutuluka pamalo pomwe shafti yalemera.

Tsono tcherani khutu, pakuti ambiri amaphonya apa. Nyundo za chigayo zikatha mosafanana, makina amanjenjemera ka 25. Shafti ikapanda kulunjika bwino ndi mota, nthawi zambiri pamatulukanso 50. Koma 90 ndi 135 sizigawika bwino ndi 25. Mukaona nambala yotsala ndi zidutswa chotere, kaikirani beringi, osataya ndalama kusintha nyundo.

Khutu la munthu silingawerenge ka 135 pa sekondi. Amisiri amamata pa makina kachipangizo kotchedwa accelerometer, ndipo kompyuta imapatula kunjenjemerako nkusonyeza nambala iliyonse payokha, pogwiritsa ntchito masamu amene Joseph Fourier wa ku France adasindikiza mu 1822. Mwa njirayi vuto limaoneka beringi isanatenthe nkomwe. Luso limeneli ndi lofunika pa mapampu a Blantyre Water Board ku Walker's Ferry ndi pa majenereta a EGENCO ku Nkula, pafupi pathu pompa, ndipo sindiona chifukwa choti ntchito zotere zizingogwiridwa ndi ana a kutauni.

Ntchito yakunyumba: beringi ya timipira 8, shafti ndi kakhola pa liwiro lomwelo. Mawa mubwere ndi nambala zonse ziwiri, ndipo muonetse m'mene mwazipezera.