Kilt Italike Bwanji, Nanga Ndikhale Motani?

FUNSO: Akatswiri, ndine Mmalawi wokhala ku Glasgow. Mnzanga wa kuno akukwatira ndipo operekezafe tidzavala kilt, chovala cha amuna chonga siketi. Sindidziwa muyeso wake, komanso ndikuopa kudzachita manyazi pokhala pampando pagulu. Ndithandizeni.

YANKHO: Bambo, musadandaule. Ambiri amalakwitsa chifukwa amaivala m'chiuno ngati buluku. Kilt imamangidwa chapamchombo, ndipo imathera pakati pa bondo kapena pamwamba pake pang'ono. Ikaphimba bondo lonse imakwapula kuseri kwa miyendo mukamayenda. Ikafupika, ntchafu zimaonekera mukakhala.

Chitani izi:

1. Imani chowongoka, wina akuyezeni ndi tepi kuchokera pamchombo mpaka pakati pa bondo. Mukadziyeza nokha mumawerama, muyeso n'kusokonekera.
2. Mukaivala, gwadani. M'munsi mwake muzitsala pang'ono kukhudza pansi.
3. Mapindo azikhala kumbuyo, nsalu yosalala kutsogolo.
4. Pokhala, salazani mapindowo ndi manja onse awiri kutsikira kuntchafu, monga achitira amayi athu ndi chitenje, kenako khalani. Mukatero sakwinyika.
5. Kachikwama kakutsogolo, sporran, kagwere pakati pa miyendo kuti kapsinje nsalu. Musatangadze kwambiri.
6. Valani kabudula wamkati, makamaka ngati kilt ndi yobwereka.

Yesererani kunyumba pampando wolimba ndi pasofa ukwati usanafike. Ngati ikuterereka, ikuthina pamimba, kapena kutsogolo kukutseguka, bwererani kusitolo komwe munaitenga kukadali nthawi. Musaipititse kwa telala wamba kuti aidule; ntchito imeneyo ndi ya osoka kilt.