Kuŵeta Mbuna m'Thanki Yagalasi

Munthu akaima pathanthwe ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay nasuzumira m'madzi, amaona tinsomba tokongola tikuzungulira miyala. Tina ntobiriŵira ngati thambo, tina ntachikasu, ndipo tina tili ndi mizeremizere ngati mbidzi. Nsomba zimenezi ndi mbuna, dzina lochokera ku Chitonga. Mbuna zili m'banja limodzi ndi chambo, utaka ndi ncheni. Akatswiri a nsomba amalitcha banjali cichlid, ndipo m'Nyanja ya Malaŵi muli mitundu yake yoposa 700. Palibe nyanja ina pa dziko lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka chotere. Pofuna kuteteza nsombazi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980.

Mbuna zambiri sizifika masentimita 15 m'litali, motero sizitchuka ngati ndiwo. Zimatchuka chifukwa cha kukongola kwake. Ku maiko monga Germany, America ndi Japan anthu amaziŵeta m'nyumba zao m'mathanki agalasi otchedwa akwariyamu. Zina zimachokera kunyanja konkuno ndi chilolezo cha boma, koma zambiri zimabadwira m'mathanki momwemo. Munthu amene akuyamba kumene kuŵeta mbuna amavutika ndi zinthu ziŵiri: chakudya chozipatsa, ndi nsomba zina zoti zikhale nazo pamodzi. Kuti asalakwe, ayenera kudziŵa m'mene mbuna zikhalira kwao kunyanja.

Miyala ya m'nyanja imamera ndere. Mbuna zambiri zimakhalira kupala nderezo ndi timano tao tating'ono kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, monga m'mene mbuzi ichitira ndi msipu. Pamodzi ndi ndere zimamezanso tizilombo tochepetsetsa tobisala m'menemo. Popeza chakudya chotere chimachedwa kugayika, matumbo a mbuna ngaatali kwambiri poyerekeza ndi thupi lake.

Chifukwa cha ichi, chakudya chabwino cha mbuna za m'thanki ndi chamasamba. M'masitolo ogulitsa nsomba zoŵeta mumapezeka chakudya chouma chopangidwa ndi ndere zotchedwa spirulina. Woŵeta angathenso kufutsa pang'ono tsamba la sipinachi, kapena kuphika nsawawa nazichotsa makoko, kapenanso kudula kachidutswa ka nkhaka nakamiza ndi mwala. Ndere zikamera pa miyala ya m'thanki asazitsuke zonse, pakuti umenewo ndiwo msipu weniweni wa nsombazo. Nsima, buledi ndi nyama yamafuta siziyenera kuloŵa m'thanki.

Mbuna sizidziŵa kukhuta. Zikangoona munthu zimasonkhana pagalasi ngati zagona ndi njala, ndipo mwini wake akamva chifundo amangoŵazabe chakudya. Chifundo chotere chapha nsomba zambiri. Nsomba yodya mopitirira, makamaka zanyama, ingathe kudwala matenda otupa mimba. Imaleka kudya, imabisala kuseri kwa mwala, imatulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, ndipo kaŵirikaŵiri imafa patapita masiku oŵerengeka. Nkokwanira kuzipatsa chakudya kaŵiri pa tsiku, chochepa choti zimalize pa mphindi imodzi kapena ziŵiri. Chotsala chichotsedwe msanga, chifukwa chikaola chimaipitsa madzi.

Nkhani ya anzake okhala nao njovutirapo. Kunyanja mbuna yaimuna imasankha mwala kapena kaphanga kake, ndipo imathamangitsa yaimuna ina iliyonse yoyandikira, makamaka yofanana nayo maonekedwe. Kumeneko yogonja imathaŵira kutali nipulumuka. M'thanki mulibe kothaŵira. Yofooka imalumidwa zipsepse usana wonse mpaka kufa. Paja akulu anati atambala aŵiri salira m'khola limodzi. Woŵeta wanzeru amaika yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinai za mtundu umodzi. Akaika yaikazi imodzi yokha, yaimuna imaisautsa kosalekeza.

Thanki yabwino ya mbuna ikhale yotalika masentimita 120 ndi yoloŵa madzi pafupifupi malita 200. M'katimo aunjikemo miyala yosanjika bwino, yokhala ndi mapanga ambiri, kuti nsomba iliyonse ipeze pobisala. Madzi akhale ofunda madigiri 24 mpaka 28, monga a pamwamba pa nyanja, ndipo pakhale sefa yowayeretsa usana ndi usiku.

Kwa munthu woyamba kumene, mbuna yoyenera ndi ina yachikasu ya zipsepse zakuda m'mphepete, imene akatswiri amaitcha Labidochromis caeruleus. Kwao ndi ku miyala ya kumpoto kwa Nkhata Bay. Nsombayi njofatsa poyerekeza ndi zinzake, ndipo popeza kunyanja imadyanso tizilombo tambiri, sivuta pa zakudya. Ingathe kukhala ndi mbuna za mtundu wina wofatsa, koma za maonekedwe osiyana ndi ake. Mitundu yofanana kwambiri imamenyana, ndiponso nthaŵi zina imakwerana nibala ana osadziŵika mtundu wao. Nkholokolo ya m'Nyanja ya Malaŵi nayonso imakhala bwino ndi mbuna, chifukwa imayenda pansi, imakonda usiku, ndipo ili ndi minga zodzitetezera.

Pali nsomba zina zimene siziyenera kuikidwamo ngakhale zikongole chotani. Ncheni ndi mlenje wodya nsomba zinzake. Utaka unazoloŵera kusambira poyera, ndipo m'thanki yaing'ono mbuna zimausoŵetsa mtendere. Tinsomba ta michira yaitali totchedwa guppy timadyedwa michira. Nsomba za goldfish zimafuna madzi ozizira, pamene angelfish, ngakhale ili m'banja lomwelo la cichlid, kwao ndi ku mtsinje wa Amazon ku South America, kumene madzi ake ngosiyana ndi a m'Nyanja ya Malaŵi. Wogula nsomba iliyonse imene yamkomera m'maso akumbuke za pusi uja anagwa chagada.

Nthaŵi zina mbuna yaikazi imaleka kudya koma isakudwala. Woŵeta ayang'ane kukhosi kwake. Ngati kwatupa pamene mimba ili bwino, ndiye kuti yafungatira mazira m'kamwa. Imawasunga m'menemo pafupifupi milungu itatu, osadya kanthu kapena kungolaŵa pang'ono, mpaka ana ataswa ndi kuyamba kusambira. Nsomba yotere isakakamizidwe kudya. Ngati zinzake zikuivutitsa, aisamutsire mosamala m'thanki ina yaing'ono ya madzi ofanana, ndipo ikalavula ana aipatse masiku angapo odya ndi kupumula isanabwerere kwa zinzake.

Mafunso

1. Tchulani nsomba zitatu zimene zili m'banja limodzi ndi mbuna.
2. Nchifukwa ninji matumbo a mbuna ali aatali?
3. Kodi mbuna yodwala matenda otupa mimba imaoneka bwanji?
4. Fotokozani chifukwa chake ncheni ndi goldfish siziyenera kukhala m'thanki ya mbuna.
5. Kodi woŵeta angasiyanitse bwanji mbuna yodwala ndi yofungatira mazira?
6. Malizani mwambi wa pusi umene watchulidwa m'nkhaniyi, ndipo mupereke tanthauzo lake.
7. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: ndere, kufutsa, zipsepse, kufungatira.