Uvuni wa Mgolo Wowambira Nyama Pakhomo

Mbuzi imodzi siitha tsiku limodzi pabanja, ndipo komwe kulibe firiji nyama siichedwa kuwonongeka, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Kuwamba pamoto wapamtetete kumatha nkhuni zambiri, nyama imapserera kunja m'kati ikadali yaiwisi, ntchentche nazo zimaikiramo mazira. Uvuni wa mgolo umasunga utsi ndi kutentha malo amodzi, choncho nyama imauma mofanana ndi nkhuni zochepa.

Zofunika

Mgolo wachitsulo wa malita 200, tizitsulo tinayi totalika kuposa kukamwa kwa mgolo, waya wa sefa, ndi chiguduli. Mgolo womwe munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto musaugwiritse ntchito ngakhale mutautsuka. Ngati munali mafuta, yatsanimo moto waukulu mpaka penti yense apse, kenako tsukani ndi mchenga ndi sopo.

Kapangidwe

1. Dulani chivindikiro cha pamwamba, muchichepetse m'mbali kuti chizilowa m'kati, ndipo muchibowole mabowo ambiri ndi msomali waukulu.
2. M'munsi mwa mgolo dulani khomo la masentimita 20 mbali zonse. Apa ndi posonkhezera moto.
3. Pisani tizitsulo tiwiri masentimita 30 kuchokera pansi, musanjikepo chivindikiro chija. Ntchito yake ndi kumwaza utsi ndi kutchinga malawi kuti asanyambite nyama.
4. Tizitsulo tiwiri totsala tikhale masentimita 20 kuchokera kukamwa kwa mgolo. Apa ndi poyala sefa.
5. Ikani uvuni panja, pamalo osalala, kutali ndi denga la udzu ndi posewera ana.

Kukonza nyama

Wambani nyama yatsopano, tsiku lomwe chiweto chaphedwa. Chotsani mafuta, chifukwa ndi amene amayamba kununkha nyama ikakhalitsa. Lezani nyama m'mizere yaitali yosanenepa kuposa chala chachikulu. Pakani masupuni awiri akuluakulu a mchere pa kilogalamu iliyonse, vindikirani m'beseni loyera pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri, kenako khetsani madzi. Nkhuku ndi kalulu muzing'ambe pakati kuti zigone bwino pasefa.

Nkhuni

Mango, gwafa ndi malalanje amapereka utsi wa fungo labwino. Zitsononkho zouma nazo zimachita bwino ndipo sizilira kudula mtengo. Paini ali ndi utomoni womwe umawawitsa nyama. Matabwa opaka penti, mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe, mapulasitiki ndi matayala utsi wake ndi poizoni.

Kawambidwe

Yatsani moto, mudikire malawi azime kutsale makala, ndiye muyale nyama mosagundana kuti utsi uzidutsa. Vindikirani ndi chiguduli chonyowa pang'ono, kusiya kampata kotulukira nthunzi.

Maola awiri oyamba moto ukhale wotentha ndithu kuti nyama ipse mpaka m'kati. Dulani chidutswa chonenepa kwambiri: ngati m'kati mukadali mofiira kapena mukutuluka madzi amagazi, pitirizani. Amene ali ndi choyezera aone kuti kutentha kwa m'kati mwa nyama kwafika madigiri 75.

Ikapsa, chepetsani moto potseka theka la khomo ndi njerwa, muziwonjezera zitsononkho pang'onopang'ono. Apa m'pofunika kudekha, poti walira mvula walira matope: wofuna nyama yokhalitsa alolere kukhala pafupi ndi uvuni tsiku lonse. Tembenuzani ola lililonse, za m'mbali muzibweretse pakati. Utsi wabwino ndi wopyapyala. Ukada bii, mafuta akudonthera pamoto kapena nkhuni zachuluka. Mukamva nyama ikulira ngati ya pachiwaya, ndiye kuti mukuotcha, simukuwamba.

Nyama yauma ikapepuka, ikada mofiirira, ndipo mukaipinda ikumang'aluka osatulutsa madzi.

Kasungidwe

Idikireni izizire. Ikulungeni m'pepala loyera kapena muiike m'dengu lovindikira, mupachike m'khitchini pamwamba pomwe pamafika utsi, posafika makoswe ndi amphaka. M'jumbo musaike: imachita thukuta n'kumera chuku. Muziiona masiku angapo alionse, ndipo ikayamba kufewa ibwezereni mu uvuni kwa maola awiri. Nyengo ya mvula muzitero sabata iliyonse. Pophika, iviikeni kaye m'madzi kuti mchere uchepe, kenako iwire mokwanira musanathire tomato kapena nsinjiro.

Chenjezo

Utsi suchiritsa nyama yodwala. Chiweto chofa chokha musachisende, musachiwambe. Nkhumba ya timatuza toyera tonga mpunga m'minofu ili ndi mphutsi za njoka zam'mimba, choncho siyoyenera kudya. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamatha kukhalabe m'nyama yowamba, ndiye kukagwa matendawa musanyamule nyama kupita nayo kudera lina. Nyama yogulitsa iyambe yayezedwa ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu, omwenso angakuthandizeni popanga uvuni woyamba.